Ndege ya Spencer m'Chiperoni

A Lazaro Muhiwa sanalawepo mowa chibadwire. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa ku Songani kuli anthu a pakamwa poyabwa amene anatha chaka chathunthu akunena zina, ena mwa iwo ali chiledzerere pomwe ankanenapo.

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri a Lazaro ankayang'anira bwalo la ndege la pa esiteti ina ya makedemiya, m'munsi mwa phiri la Malosa. Ndikati bwalo la ndege musaganize za Chileka, ayi. Unali mzere wa kapinga wotalika ngati mabwalo a mpira asanu ndi awiri, kansalu koonetsa mphepo pamtengo, ndi kashedi ka malata. Iwo ankatchetcha udzu, kugumula zulu za chiswe, ndi kuthamangitsa mbuzi pamodzi ndi akabaza okonda kudulira pomwepo. Koma ntchito yawo yeniyeni inali yoyang'ana phiri.

Anawaphunzitsa ndi a Silas, woyendetsa ndege wakale wa pa esitetipo, munthu amene anapuma ntchito imvi zili mbuu asanaswepo ngakhale nyali imodzi ya ndege. Awiriwa anapangana zizindikiro zitatu. Pamwamba pa phiri pali thanthwe loyera, pakati pali mzere wa mabulugama, m'munsi muli denga la tchalitchi. Asananyamuke ku Chileka a Silas ankaimba foni n'kufunsa funso limodzi lokha: “Mukuona chiyani?” Thanthwe likamaoneka, bwerani. Akamaoneka mabulugama okha, yambani mwamwa tiyi. Likatsala denga la tchalitchi, pitani kunyumba mukafunde bulangeti. Chifukwa chake n'chakuti chigwa cha Domasi chili ngati thumba. Kukamwa kwake kuli kum'mawa, ku Chilwa, koma mukalowera kumadzulo phiri la Zomba ndi la Malosa amakupanani uku ndi uku mpaka kusowa pokhotera.

“Lazaro,” ankatero a Silas, “mumtambo thupi limanama. Umamva ngati wawongoka pamene wapendekeka, umamva ngati ukukwera pamene ukutsika. Munthu amene sanaphunzire kuuluka ndi mawotchi a m'ndege okha satha mphindi zitatu. Ukadzamva wina wasokonekera pamwambapa usadzamuchulukitsire mawu. Awongole mapiko, akwere, alunjike kum'mawa. Ku Chilwa kulibe choti n'kugunda, ndi mpunga wokhawokha.”

A Silas atapuma, eni esiteti anapereka kandege kawo kwa Spencer, mwana wa mlongo wa a manijala. Anali mnyamata wa magalasi akuda ndi nsapato zoyera, tabuleti yomuonetsa njira atamangirira pabondo. Chiphaso chake chinali choulukira kukayera basi, maso akuona pansi, koma kayendedwe kake mukanati mitambo anaipanga ndi iyeyo. Atamva za zizindikiro zitatu anaseka mpaka kugwira phiko la ndege.

“Madala, ino ndi nthawi ya setilaiti. Miyala yanuyo muzikaombezera kumudzi.”

Zimenezo a Lazaro anangomeza. Mwana ndi mwana. Chimene chinawakanika kumeza chinachitika mu Febuluwale, mvula itagwa masiku anayi osakata. Spencer anaimba foni, iwo n'kumuuza mosapsatira kuti bwalo lafewa chakumapeto, asabwere. Iye anabwera. Gudumu lakutsogolo linatitimira m'matope, ndege inagwada, pulopela n'kupindika ngati supuni. Mu ofesi ya amalume ake, a Lazaro ataima pomwepo chipewa chili m'manja, mnyamata uja anayang'ana pawindo nati:

“Madalawa anandiuza kuti kuli bwino. Ndipo nditatsika ndinamva fungo la kachasu.”

Kachasu! Abale inu, kachasu! Mkulu wa mpingo kwa zaka khumi ndi zisanu, munthu amene ngakhale thobwa logonera ankalikana! A manijala sanafufuze n'komwe, paja magazi ndi magazi. Anawalanda foni ndi ovaova yolankhulira ndi ndege, n'kuzipereka kwa Jones, mlonda wa pageti amene sankadziwa ngakhale kumene mphepo imachokera. A Lazaro anawasiyira chitchetcho. Nkhani inafika ku mpingo sabata yomweyo, ndipo akuluakulu anzawo anawapempha mwaulemu kuti ayambe akhala kumbuyo mpaka zinthu zitaoneka bwino. Zinthuzo sizinaoneke. Akamadutsa pa Songani anyamata a pa siteji ankadzandira dala kumbuyo kwawo, wina n'kukuwa kuti, “Abusa a m'botolo, tigawireniko!”

A Lazaro anamuda Spencer. Tisazungulire, anamuda ndi mtima wonse, chidani chodzuka nacho m'mawa n'kupita nacho kumunda. Popemphera, akafika pa mawu okhululukira adani ankatseka pakamwa n'kudikira kuti anzawo adutsepo. Akazi awo, a Maness, anaziona.

“Bambo, musiyireni Mulungu nkhaniyi. Ikudyani.”

“Mulungu ali ndi milandu yambiri, amayi. Wangawu ndisunga ndekha. Mlandu suola.”

“Ndiye mukufuna chiyani? Ovaova ija?”

“Ovaova ndidye? Ndikufuna pakamwa pomwe panatuluka bodzalo padzatulukenso choonadi, anthu akumva. Akadzatero ndiye ndidzagona tulo.”

Anadikira chaka ndi miyezi inayi. Ndege ikatera ankaima patali atatsamira chitchetcho, kumuyang'ana Spencer akutsika, ndipo Spencer ankayang'ana kumbali nthawi zonse.

Ndiye linafika Lachinayi lija mu Juni. Chiperoni chinali chitagwira kuyambira Lachiwiri, kamvula kowaza kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Thanthwe silinkaoneka. Mabulugama sankaoneka. Denga la tchalitchi linkati kuoneka pang'ono, kenako n'kubisikanso. Pampu yothirira mbande pa esiteti inali itafa, ndipo Spencer anayenera kubweretsa chitsulo chake kuchokera ku Blantyre. Mohamedi, dalaivala wa pa esiteti, anali ataimika galimoto pafupi ndi shedi kudikira chitsulocho. M'shedimo munabisala amayi anayi opita ku msika ndi madengu a masamba, komanso a Maness amene anabweretsera amuna awo tiyi ndi mbatata yootcha.

Cha m'ma naini foni ya Jones inalira. Jones anatuluka m'shedi, anakweza mutu kuyang'ana kumwamba kwenikweni, pamutu pake, n'kuona kampata kobiriwira kakang'ono ngati lichero.

“Kukuyera, bwana! Bwerani, kukuyera!”

Koma Jones! Munthu wanyengo sayang'ana pamutu pake, amayang'ana phiri. Kampata kotero m'chiperoni kamatseguka n'kutsekeka munthu asanamalize kumanga nsapato. A Lazaro anamva zonse ali chapafupi pomwepo. Anaimitsa chitchetcho m'mwamba, anayang'ana kumene kunayenera kukhala phiri, kunali mbee. Kenako anapitiriza kutchetcha.

“Sanandifunse,” anadziuza okha. “Chidakwa chikudziwa chiyani za mitambo?”

Patapita theka la ola anaimva ikubwera pamwamba pa mitambo, kuchokera cha ku Zomba. Inazungulira kawiri, kufunafuna polowera. Kenako injini inatsitsa mawu, ndipo a Lazaro anadziwa kuti mnyamata uja waona kampata n'kudziponyamo. Anayang'ana kumwamba. Lichero la Jones linali litatsekeka kale.

Ovaova inayamba kukhosomola m'manja mwa Jones. Poyamba mawu a Spencer anali aja a masiku onse, olamula.

“Jones, mukundiona? Ndili mbali iti ya bwalo?”

“Sitikukuonani, bwana, koma tikukumvani.”

“Ndili mbali iti?”

Jones anazungulira pamalo amodzi, chala chili m'mwamba. “Muli kumwambaku, bwana.”

Kukanakhala tsiku lina anthu akanaseka. Palibe anaseka, chifukwa mawu amene anatuluka pambuyo pake sanalinso a bwana. Anali a mwana.

“Tabuleti yathima. Sindikuona pansi, sindikuona kanthu. Jones! Kuli mbee paliponse. Jones, ndikhotere kuti?”

Jones anathamanga n'kukankhira ovaova pachifuwa pa a Lazaro ngati ikumuotcha. “Madala, tengani, ine izi sindizitha. Tengani!”

A Lazaro anagoneka chitchetcho pansi bwinobwino. Anapukuta manja pa buluku, dzanja ili kenako linalo. Pamene ankachita zimenezi makutu awo anali kumwamba. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zinawaphunzitsa kuona ndi makutu. Ndege inali itadutsa pamwamba pa mtsinje wa Domasi, ikulowera kumadzulo, m'thumba muja, chakufupi ndi mbali ya Malosa, pakuti kulira kwake kunayamba kubwerera kuchokera kuphiri n'kumamveka pawiri. Anawerengera mumtima. Kuchokera pamtsinje kukafika pa mabulugama, ndege ya a Silas inkatenga mphindi imodzi ndi theka. Nthawi inalipo. Mtima wawo unagunda ndi chimwemwe choipa, chotentha, chimene anachidikira chaka ndi miyezi inayi.

Anakanikiza batani. “Ndine Lazaro.”

“Madala! Madala, ndithandizeni. Ndikhotere kuti?”

“Mukufunsa chidakwa, bwana?”

Amayi a masamba aja anaimirira.

“Madala, chonde, si nthawi yake ino.”

“Nthawi yake ndi yomweyi. Pano pali anthu asanu ndi awiri akumva. Tsiku lija la matope, ine ndinakuuzani chiyani pafoni?”

“Bambo!” A Maness anataya kapu ya tiyi n'kuwagwira mkono. “Bambo, muuzeni mwanayo kokhotera!”

A Lazaro sanawayang'ane n'komwe. M'ovaova munkamveka kupuma kwa wefuwefu, ndi kabelu kena kakulira m'ndegemo.

“Munati ndisabwere,” anatero Spencer. “Munati bwalo lafewa. Munandiuza, madala, munandiuza.”

Ha, kukoma kwake mawu amenewo! Anatsikira a Lazaro kukhosi ngati madzi a mumtsuko tsiku la dzuwa. Akanalekera pomwepo. Aliyense amene analipo amadziwa kuti akanalekera pomwepo, ndipo iwonso amadziwa. Makutu awo anali atawauza kale kuti kulira kwa injini kwasintha, kukukwera, kukunka kuwonda, kulira kwa ndege yopendekeka imene ikutsika ndi liwiro mwini wake osadziwa. Ndege yotero siyenda pa mawerengedwe a ndege ya a Silas. Anamva, koma theka la mlandu linali lisanatuluke, ndipo linali theka lowawa kwambiri.

“Nanga kachasu?”

“Bambo, mwapenga kodi?” anakuwa a Maness.

“Ndikuti nanga kachasu, bwana? Munamva fungo lanji?”

“Panalibe kachasu! Ndinanama, a Lazaro. Simunaledzere. Ndinaopa amalume, ndinanama ine, ndinanama!”

Aka kanali koyamba kuti awatchule dzina lawo. A Lazaro anayang'ana Jones, anayang'ana Mohamedi ndi amayi aja mmodzimmodzi kuti aone ngati amva. Kenako analankhula msangamsanga, mawu a a Silas akutuluka okha.

“Siyani kuyang'ana panja, yang'anani mawotchi. Wongolani mapiko. Mwawongola? Ikani moto wonse, kwerani. Mukhotere kumanzere pang'onopang'ono mpaka kampasi iloze kum'mawa. Kwerani, mwana wanga, kwerani!”

Spencer anamvera. Onse anamva injini ikubangula ndi mphamvu zake zonse kuseri kwa nkhungu, ndipo a Lazaro anayamba kutulutsa mpweya. Kenako kunamveka kuthyoka kwa mitengo, phwatha phwatha, ndi kugunda kumodzi kokha, kosakweza, ngati wina wamenyetsa chitseko kutali. Zitatero kunatsala kamvula kaja pa malata.

“Spencer,” anaitana a Lazaro. “Spencer. Bwana.”

Ovaova inkangoti sii. Jones anakhala pansi pamatope. Mohamedi ananong'ona pemphero la kwawo ku mzikiti. A Maness anasiya mkono wa amuna awo, anatola kapu ija n'kuyamba kuipukuta ndi chitenje, kuipukutabe ngakhale inali itayera.

Amene anatsogolera anthu kuphiri ndi a Lazaro omwewo, pakuti ndi iwo okha amene makutu awo anasunga malowo. Anafika dzuwa lili paliwombo, ngakhale dzuwalo silinaoneke. Mabulugama aja ali pamsana pa kamtunda kotuluka m'phirimo, ndipo kuseri kwake kuli mpata woti ndege n'kukhota. Ndege inadula nsonga za mitengo isanu n'kugwera m'khwawa. Spencer anali pampando wake, lamba ali m'chiuno, atapita kale. Anzawo akulimbana ndi chitseko, a Lazaro anaima n'kuyang'ana nsonga zoduka zija. Zinali nsonga chabe, kutalika kwake ngati munthu mmodzi ataimirira. Ndegeyo inali ikukwera ndithu. Ikanayamba kukwera kamphindi pang'ono m'mbuyomo ikanadutsa, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe kuti kamphindi kameneko kanathera pa funso liti.

Akuluakulu ofufuza za ngozi atabwera, Jones ananena kuti a Lazaro anayesetsa. Mohamedi ananenanso chimodzimodzi. Amayi a masamba anati iwo Chingerezi cha m'ndege sachimva, chikhalirecho panalibe Chingerezi chilichonse. Anthu a m'chigwa muno amadziwa kuphimba wawo. Koma mawu a Spencer aja, akuti ndinanama ine, amenewo sanaphimbidwe. Pofika Loweruka Songani yense anali atamva kuti mnyamata wa ndege anaulula asanafe kuti iye anawanamizira a Lazaro. Mmene kuululako kunabwerera, palibe ankanena. Anyamata a pa siteji anayamba kuwapatsa moni ndi manja awiri. Akuluakulu a mpingo anabwera kunyumba atatu, kudzapepesa.

Ndipo musaganize kuti a Lazaro anagwa pansi n'kulira. Ayi ndithu. Anaumitsa khosi. Ndani anamutuma kulowa mumtambo ndi chiphaso cha poyera? Ndani anamutuma kukhulupirira Jones? Ndani anayamba kunama? “Choipa chitsata mwini,” ankatero pokhala pakhonde, mokweza, ngakhale panalibe wowafunsa. A Maness ankawaikira chakudya n'kubwerera kukhitchini. Chiyambire Lachinayi lija sanadye nawo mbale imodzi.

Patatha masabata awiri, masana ena kutayera bwino, galimoto ya Mohamedi inaima pabwalo pa nyumba yawo. Munatsika mayi wovala zakuda, wamfupi, wooneka kuti masiku amenewo chakudya sichinkalowa. Anali a Jacinta, mayi ake a Spencer, ochokera ku Chilomoni. Anali atapita kuphiri kukaona malowo, ndipo anakana kubwerera asanaonane ndi a Lazaro. A Maness anayala mphasa. Mayi aja anakana mpando, anagwada pamphasapo n'kugwira dzanja la a Lazaro ndi manja awo onse awiri.

“Bambo, ndabwera kudzathokoza. Andiuza kuti munayesetsa kumutulutsa mwana wanga mumtambomo. Andiuzanso kuti anakulakwirani kale, koma inu simunasunge mangawa. Mulungu akudalitseni.”

A Lazaro anangoti, “Mmm.”

“Ndili ndi funso limodzi lokha, mundikhululukire. Anali mwana mmodzi yemweyo. Alongo anga a manijala akundibisira, akuti zingandipweteke. Koma inu ndi amene munalankhula naye komaliza, ndipo aliyense kuno akuti inu simunama. Mwana wanga ananena chiyani? Anachita mantha? Kapena anatchulako ine?”

A Lazaro anayang'ana akazi awo. A Maness anawayang'ananso m'maso, koyamba m'masabata awiri, osaphethira. Mohamedi pagalimoto paja anatembenukira kumsewu. Kukanakhala kosavuta, abale. Mawu atatu okha, anatchula inu mayi, ndipo mayiyu akanapita kwawo n'kukagona tulo, dzina la a Lazaro n'kukhala loyera mpaka kumanda. Anatsegula pakamwa kuti anene zomwezo. Lilime linakana.

“Anachita mantha, mayi,” anatero. “Sanapeze mpata wotchula inu. Iye ankafunsa kokhotera, ine ndinkamufunsa za kachasu.”

A Jacinta sanamvetse. Anapendeketsa mutu, dzanja lija ali chigwirire.

“Za kachasu bwanji, bambo?”

A Lazaro anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, anatsika pampando n'kukhala pansi pa dothi, ndipo anayamba kuwafotokozera kuyambira pa foni ya Jones.